Mawu a Mayi Nsungwi

Okondedwa ana anga nonse a kutaliko,

Landirani moni, inu ana a malemu mng'ono wanga, pamodzi ndi akazi anu, amuna anu, ndi adzukulu amene ena mwa iwo ndimangowadziwira pa zithunzi. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo langa lakumanzere limene silileka kundikumbutsa zaka zanga. Muona kuti kalata iyi ndailemba pamanja, osati yotayipa monga mwa masiku onse. Chifukwa chake ndicho nkhani imene ndikufuna kukuuzani. Ikukhudza azakhali anu, mlongo wanga, ndipo sindikanatha kuwapatsa kuti atayipe okha zimene zawachitikira.

Nonse mumawadziwa kuti Mayi Nsungwi, koma ndikukayika ngati aang'ono mwa inu akudziwa kumene dzinali linachokera. Azakhali anu anaphunzira kutayipa ali mtsikana, pa makina achitsulo aja olira kabelu kumapeto kwa mzere. Anagwira ntchito zaka makumi awiri mu ofesi ya kampani ina yonyamula katundu. Kampaniyo itatsekedwa, anapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya atelala, pafupi ndi pokwerera mabasi. Muli tebulo limodzi, mipando iwiri, benchi ya odikira, ndi zenera loyang'ana khoma la eni ake. M'menemo ndimo atayipira anthu makalata ofunsira ntchito, madandaulo, malipoti a misonkhano ndi mayeso a timasukulu, ndipo ndi ntchito imeneyo analerera ana awo atatu, amuna awo atamwalira.

Kompyuta yawo yoyamba anaigula zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Sabata yoyamba yomweyo, kholo lina linawapatsa kalata yopita kwa mphunzitsi wamkulu. Iwo anatayipa kuti "Bambo," monga munthu aliyense waulemu amayambira. Makinawo, poti sadziwa chinenero chathu, anaganiza kuti alakwitsa, nawonjezera okha "o" wina kumapeto, mawuwo nasanduka achizungu otanthauza nsungwi. Mphunzitsi wamkuluyo anabweza kalata ija atalemba m'munsi kuti, "Kodi ndasanduka nsungwi liti?" Atelala atamva anaseka mpaka kuthyola singano, ndipo dzina linamera pomwepo.

Wina akanaseka nawo n'kuiwala. Azakhali anu ayi. Anaona kuti makinawo amadula kamzere kofiira kunsi kwa liwu lililonse limene sakulidziwa, ndiponso kuti munthu angathe kuwauza kuti, "Ili ndi liwu, lisunge." Anayamba kuwaphunzitsa. Musaganize kuti ndi ntchito yochepa. Makina samva kuti "kupita" ndi "ndinapita" ndi pachibale. Kwa iwo "tinapita" ndi liwu lina, "sanapite" ndi lina, "akadapita" ndi linanso. Lililonse lofunika kuuzidwa palokha. Anawaphunzitsanso mayina a anthu, a mabanja, a misewu, ngakhale mayina anu onse ndi a makolo athu amene anatisiya kalekale. Tsiku ndi tsiku, zaka khumi ndi zinayi.

Phindu lake linadzaoneka maso awo atayamba kufooka. Popeza makinawo anali atadziwa mawu onse olondola, kamzere kofiira kanayamba kuoneka pokhapo pamene chala chaterereka. Azakhali anu sanafunikenso kuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Ankangoyang'ana tsamba lonse, pomwe pafiira n'kukonza. Anandiuza okha kuti, "Achimwene, maso anga enieni ndi kamzere aka." Ndicho chifukwa anthu ankadutsa otayipa achinyamata atatu a mumsewu womwewo n'kudzakhala pa benchi yawo, podziwa kuti kalata ya Mayi Nsungwi sibwerera.

Chaka chino kompyuta ija inayamba kukalamba. Poyatsa inkabuula, ndipo munthu ankatha kupita kukapereka moni kwa atelala n'kubwerera isanadzuke. Nthawi yomweyo m'tauni munamveka kuti kumapeto kwa mwezi wamawa kutuluka pulogalamu yaikulu yatsopano, imene imayendetsa zonse za m'kompyuta. Ogulitsa amaitcha sisitimu. Pa shopu ya makompyuta ya kufupi ndi banki anamata chipepala chachikulu chonena kuti wogula makina tsopano apatsidwa kapepala, ndipo sisitimu yatsopanoyo ikatuluka adzamuikira ulere. Wobweretsa makina akale amuchotsera pa mtengo.

Azakhali anu anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndipo zimene ndikulemba apa ndinazimva ndi makutu anga. Tinalandiridwa ndi mwini shopuyo, bambo wa zaka za m'ma makumi atatu, amene anthu amamutcha Tayi chifukwa savula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anatikhazika pa mipando yofewa, nayamba kulongosola. Anati sisitimuyo idzabwera m'mitundu itatu: yapakhomo, yapantchito, ndi yapamwamba. Anati wogula lero yapakhomo adzalandira yapakhomo, wofuna kukwera kupita yapantchito adzawonjezera, ndipo wodikira mpaka tsikulo adzapeza mzere wafika kumsewu. Analankhula nthawi yaitali, manja ali m'mwamba ngati mlaliki.

Atatha, azakhali anu anati, "Mwana wanga, mitundu yanu itatuyo ine sindikuidziwa. Funso langa ndi limodzi. M'makina akalewa muli mawu anga. Kodi adzalowa m'makina atsopanowa?"

"Mawu?" anatero Tayi. "Mayi, pamenepo ndiye mwafika. Mawu a makina awa ndi osanena. Anu onse ndikusamutsirani ndekha."

"Onse? Ndi ambiritu."

"Ngakhale limodzi silitsala, mayi. Ndipo poti ndinu kholo langa, ndikuwonjezerani timasipika tiwiri iti."

Panjira azakhali anu anandifunsa kuti timasipikato n'tachiyani kwa munthu wotayipa. Ine ndinayankha kuti ndi basela chabe, monga amachitira amalonda. Ndikuvomera pamaso panu kuti pamenepo ndinagona. Chenjezo linali m'manja mwanga, lokulungidwa m'pulasitiki, ine osaliona.

Patapita masiku atatu tinakatenga makina atsopano, akale aja titawasiya kumeneko. Titafika m'kachipinda kaja, atelala anaima pakhomo, tepi ili m'khosi, kudzaonerera. Azakhali anu anakhala pansi, napukuta magalasi, natayipa mzere umodzi wa moni. Liwu loyamba linafiira. Lachiwiri linafiira. Mzere wonse unafiira ngati kope la mwana wolephera. Anatayipa dzina lawo lomwe, nalonso linafiira. Ndiyeno anaona pakona pa sikirini kafoda kolembedwa kuti "Mawu a Mayi." Anakatsegula ndi chiyembekezo. Timasipika tija tinayamba kuimba. Zinali nyimbo zinayi zakwaya zimene mdzukulu wawo anawaikira kalekale m'makina akale.

"Koma zikumveka bwinotu, achemwali," anatero atelala. Ataona nkhope ya azakhali anu, anabwerera ku makina awo osokera.

Ana anga, inu mukudziwa kuti kwathu kuno liwu lakuti "mawu" limanena zimene munthu amalemba, limanenanso zimene khutu limamva. Azakhali anu ankanena za zolemba. Tayi anamva za zoimba. Sindikumuimba mlandu chifukwa cha kusamva, pakuti ndi chibadwa cha munthu. Ndikumuimba mlandu chifukwa sanafunse. Mayi wachikulire, wotayipa, akukuuza kawiri kuti mawu ake ndi ambiri, iwe n'kupeza tinyimbo tinayi tokha, osadabwa? Amati safunsa anadya phula, koma pano phula anadya ndi amene anafunsa.

Tinabwerera kushopu tsiku lomwelo. Mipando yofewa ija sitinapatsidwenso. Azakhali anu analongosola mwaulemu zimene zasowa.

"Aaa, mukanati dikishonale," anatero Tayi, maso ali pa foni. "Inu munati mawu. Vuto ndi lakuti simunafotokoze, agogo."

Taonani: pogula anali mayi, podandaula asanduka agogo.

"Ndibwezereni makina anga akale," anatero azakhali anu.

"Tinawatsuka dzulo. Sitigulitsa makina muli zinthu za eni ake. Ndiponso apita kale."

"Mwawatsuka?"

"Kufufuta zonse, agogo. Koma musadandaule. Dikirani sisitimu yatsopano, akuti ikudziwa zinenero zambirimbiri."

"Ikudziwa dzina la agogo anga aakazi?"

Tayi anaseka. Kenaka ananena mawu amene mpaka lero amandilanda njala. Anati, "Chomvetsa chisoni n'chakuti kanali kafayilo kakang'ono zedi. Kusamutsa kwake sikukanatha ndi mphindi imodzi yomwe."

Mphindi imodzi, ana anga! Zaka khumi ndi zinayi za munthu zinatayika chifukwa wina anasowa mphindi imodzi, pamene anali ndi theka la ola lotilalikira za yapakhomo, yapantchito ndi yapamwamba. Ndinamuuza kuti ine ndinaleredwa m'nthawi imene mmisiri ankati akalandira chinthu cha mwini wake, amayamba wafunsa chimene mwiniyo amachikonda m'menemo. Anandiyankha kuti nthawi zinasintha, madala. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti ndidzachite nazo manyazi.

Sabata yotsatira inali yowawa. Tsamba lililonse linkafiira lonse, motero cholakwa chenicheni chinkabisala pakati pa zolondola. Azakhali anu ankayandikiza nkhope pa sikirini mpaka misozi kutuluka. Kalata imene kale inkatenga mphindi khumi inkatenga ola. Lachinayi kunabwera bambo wina wofunsira ntchito yoyendetsa galimoto. Anamutayipira, iye napita. Masana anabwerera, kalata ili m'manja.

"Mayi, abwana aja akufunsa ngati ndimawaona ngati nsungwi."

Makina atsopano anali atawonjezera "o" uja, ndipo maso a azakhali anu sanamuone. Anapepesa, nakonza kalatayo, bamboyo napita mokhumudwa. Atatero azakhali anu anafunditsa makina nsalu, natseka chitseko dzuwa likadali pamutu. Lachisanu sanatsegule. Loweruka sanatsegule. Nditapita kwawo ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde, ndipo anandiuza kuti, "Achimwene, ndinayamba ndi nsungwi, ndathera pa nsungwi. Mwina ndi chizindikiro choti ndipume." Munthu amene sanasiye ntchito pa imfa ya mwamuna wake, asiye chifukwa cha wovala tayi!

Lolemba m'mawa anapita kukachipinda kuti akalongedze. Asanazule zingwe, anati aone kaye ngati makalata akale a anthu anasamutsidwa, kuti eni ake akawafuna adzawapeze. Amenewo Tayi anali atawasamutsa onse, zikwi zingapo. Anatsegula imodzi ya zaka zisanu zapitazo. Yonse inali yofiira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana.

"Atelala! Tabwerani. Kalata iyi ndinaitulutsa ndine. Kodi munamvapo kuti inabwerera?"

"Yanu kubwerera, achemwali? Ziwiri zokha m'mbiri yonse, ndipo zonse ndi za nsungwi."

"Ndiye kuti lililonse lofiira muno ndi lolondola."

"Nanga tsono?"

"Ndiye kuti mawu anga sanafe. Ali muno. Angobalalika."

Anakhala pansi pomwepo. Anatsegula kalata yakale kuposa zonse, naloza liwu loyamba lofiira, nauza makina kuti alisunge. Liwulo linali "Bambo." Anapita pa lachiwiri, pa lachitatu. Sanafunike kuwerenga, chifukwa anawerenga kale pa nthawi imene maso anali akuthwa. Ankangotsata kufiira.

Kuyambira tsiku limenelo amafika maola awiri anthu asanayambe kubwera, n'kumadutsa m'makalata akale imodzi imodzi. Pamene ndikulemba pano amaliza a zaka zitatu zoyambirira, ndipo akuti tsamba latsopano layamba kuyera, kufiira kwangotsala apo ndi apo. Dzanja lamanja limawatupa pofika madzulo. Musaganize kuti nkhaniyi yatha bwino. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu akulimanso munda umene analima kale, chifukwa wina anaulambula osafunsa. Pali mayina ena, monga a makolo athu, amene sanalowe m'kalata ya munthu aliyense. Amenewo akuwakumbukira okha n'kumawalemba.

Za sisitimu yatsopano, kapepala kaja ali nako m'kabati. Sabata yatha anapita okha kwa Tayi, naima pa kauntala osasuntha mpaka atawaonetsa pamene kafayilo ka mawu kamakhala ndi kakoperedwe kake. Anamuuza kuti abwereze katatu, iwo akulemba m'kabuku. Tsopano Loweruka lililonse amakakopera mu fulashi imene anaimangirira ku makiyi a chitseko. Anamuuzanso kuti tsiku loika sisitimuyo likadzafika, makinawo sadzagona kushopu. Adzakhala pambali pake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo asanadzuke adzatayipa "Bambo." Likadzafiira, sisitimuyo idzabwerera kumene yachokera. Timasipika tija anawapatsa atelala, amene tsopano amasoka akumvera kwaya.

Ndikupempha kuti kalata iyi isathere m'manja mwa woilandira. Muwawerengere abale anu, ndipo amene ali m'mizinda ina muwauze pa lamya. Makamaka mufikitse nkhaniyi kwa ana a azakhali anu, pakuti mayi awo sangawauze okha. Aliyense wa inu atumize mayina a ana ake, olembedwa bwino chilembo ndi chilembo, kuti alowenso m'makina. Ndipo ngati alipo kumeneko amene akudikira sisitimu yatsopanoyi, mumuuze kuti wogulitsa akamuyankha mofulumira kuti "zonse zilowa," amufunse kuti atchule zonsezo chimodzichimodzi.

Ndine amene ndimakukumbukirani masiku onse,

Bambo anu aakulu.