Laputopu yanu yasiya kuchedwa

Achimwene, lero ndinapita ndi laputopu yanu ija kwa okonza makompyuta pa boma ku Ntchisi. Diski yake inayamba kufa, ndipo ndimaopa kuti tsiku lina idzangozima n'kupita ndi zonse zimene munasiyamo. Bambo okonzawo anandifunsa kuti, "Mayi, tiyambe zatsopano kapena tisamutse zonse mmene zilili?" Ndinawayankha mokalipa ngati andilakwira: "Musataye ngakhale kanthu kamodzi!" Ndiye asamutsira sisitimu yonse pa diski yatsopano, ija amati SSD. Dzina lanu likadali pomwepo, chithunzi cha munda wathu wa fodya chikadali pa sikirini.

Mukukumbukira m'mawa uja wa mu Juni, tili pakhonde, nkhungu itakuta mapiri? Munaiyatsa kuti mulembe mayeso a ana anu a kusukulu, iyo n'kumangolira kuti krrr, osatseguka. Ine ndinati ingoitayani. Inu munaseka: "Iwe, ngolo ya ng'ombe saithamangitsa pachitunda. Bwera tidye mbatata, ifika." Tinadya, tinacheza, nkhungu ikusuntha pang'onopang'ono mpaka mitengo inayamba kuoneka umodziumodzi. Chitisiyireni chaka chatha, ndinkati ndikaiyatsa, ndinkakhala pakhonde pomwepo n'kumadikira, ngati muli pambali panga mukusenda mbatata. Madzulo ano ndaiyatsa, ndisanakhale n'komwe pansi yatseguka kale, ili phee, osalira. Zonse zasamuka bwinobwino, achimwene. Chokhacho chimene sichinasamuke ndi kudikira kuja, ndipo ndi mmenemo momwe ndinkakupezani.