Tsiku limene ndinang'amba tikiti pa okushoni ya zithunzi

Kwathu ku Santhe munthu akati okushoni ndiye kuti akunena za fodya basi. Bambo anga ankaperekeza mabelo awo ku Lilongwe, ndipo akabwerako ankatiuza lamulo limodzi limene ankalinyadira: ogula akakupatsa mtengo wachipongwe, umang'amba tikiti imene aika pa belo, fodya wako osagulitsidwa. "Ndi pokhapo pamene mlimi amayankhula," ankatero.

Ine khasu linandikana, ndinkakonda kujambula. Nsalu ya akatswiri ndikanaitenga kuti? Ndinkatola ziguduli zakutha zokulungira fodya, n'kuzipaka laimu, n'kumajambulapo ndi penti wa m'golosale wosakaniza ndi katondo.

M'zaka za makuponi ndinajambula mayi anga. Anaima pamzere wa feteleza masiku atatu, kuponi ataimangirira kunsonga ya chitenje, ndipo atatsala pang'ono kufika pakhomo anauzidwa kuti watha. Ndinawajambula ali pakati pa amayi anzawo, manja ali m'mwamba kupempha kuti awamvere, fumbi lili koboo. Kumbuyo ndinalemba dzina la chithunzicho: Anabwerera chimanjamanja.

Mkulu wina wa mumzinda, wosonkhanitsa ntchito za ojambula amakono, anachiona n'kuchitenga kuti chikagulitsidwe pa okushoni ya zithunzi. Tsikulo ndinapita nditavala jekete yobwereka. Muholomo munali zosema za phingo, zithunzi za anthu otchuka pa luso, ndi ogula onunkhira perefyumu atagwira matambula. Changa ndinachipeza atamata kapepala m'munsi mwake. Nditawerenga, mutu unatentha. Analemba kuti: Amayi akumudzi akuvina pokondwerera zokolola.

Ndinamusakasaka mkulu uja. "Bwana, apa mwalakwitsa. Awa sakuvina."

"Ndikudziwa, achimwene," anandinong'oneza. "Koma ndani angapachike njala pabalaza pake? Ogula amakonda gule. Ingokhalani phee, muona."

Ha! Mayi anga, amene miyendo inawatupa pamzere, lero asanduke ovina kuti wina azidya nyama yake mtima uli m'malo?

Atachibweretsa kutsogolo, woitanira malonda anayamba kuthamangitsa lilime, manja a ogula akukwera uku ndi uku. Ndisaname, mtengo unafika pamene sindinalotepo, ndipo ndinakumbuka kuti denga la mayi linkadontha ngati sefa. Komabe ndinanyamuka, ndinapita kutsogoloko, n'kumatula kapepala kaja n'kukang'amba pakati monga ankachitira bambo.

Anthu anangoti kukamwa yasaa. Ena anaseka, poyesa kuti ndi sewero. Woitanira uja anati, "Akulu, kuno sitichita zimenezo."

"Kwathu timatero," ndinamuyankha mokweza kuti onse amve. "Belo ili silikugulitsidwa. Awa ndi mayi anga, ndipo ankalirira feteleza."

Mkulu uja anandiuza kuti sadzatenganso ntchito yanga, ndipo mawu akewo anawasungadi. Zake izo. Ndinanyamula chiguduli changa n'kukakwera minibasi yodzera ku Santhe.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi zonse, mtima uli m'mwamba kuti andikalipira chifukwa cha ndalama zogulira malata zimene ndinazitaya. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kukhudza ndi chala kamfundo ka kunsonga ya chitenje.

"Kuvina?" anatero. "Tsiku limenelo ngakhale kuyenda kwenikweniko kunkandikanika. Kachipachike apo posadontha."