Masana Amodzi Pabalaza

Ndinataya mkazi wanga, Esinati. Ndinataya kuseka kwake, fungo la sopo pachitenje chake, ndi munthu wondifunsa ngati ndadya. Phokoso la makina ake osokera ndinali nditalitaya kale iye akadali moyo, ndipo amene analithetsa ndine.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Amayi anga ankachapa ndi kusita zovala ku Area 11, panyumba ya mkulu wina wa m'boma wochokera ku Rumphi. Sukulu ikatsekedwa ndinkapita nawo. Tinkanyamuka ku Mchesi m'mamawa, wapansi, kudutsa m'fumbi lofiira la mathirakitala olambula misewu yatsopano. Nyumba za kumeneko zinali zotalikirana, kapinga asanamere, ndipo masana kunkangoti zii.

Akazi a bwanayo, aNyaGondwe, anali aphunzitsi kwawo, koma amuna awo atakwezedwa pantchito anawauza kuti mkazi wa munthu waudindo sagwira choko. Ankatha tsiku akuwerenga mabuku a nkhani za ku Amereka obwereka ku laibulale. Bwana akachoka, ankatulukira khomo lakuseri n'kukhala pansi kumaswa mtedza ndi amayi anga. Galimoto ikamveka, ankathamangira kukasamba m'manja.

Tsiku lina ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinati, "Mayi, ine ndikadzakula mkazi wanga sadzagwira ntchito. Azidzangokhala ngati inuyo."

Amayi anga anaseka, koma aNyaGondwe sanaseke. Anandigwira dzanja, nandilowetsa pabalaza, pamene ndinali ndisanapondepo, n'kundikhazika pa sofa.

"Ukhale apa. Usagwire kanthu, usayankhule, usatuluke. Lero dona ndiwe."

Poyamba ndinakondwa. Sofa inali yofewa, pansi pankanunkhira polishi, ndipo anandibweretsera tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini. Nditamaliza kudya, panalibenso china. Wotchi yapakhoma inkangogunda. Kuseri ndinkamva makoko a mtedza akusweka ndi azimayi awiriwo akuseka nkhani imene sindinkaimva. Ndinawerenga maluwa a pakatani, ndinayang'ana dzuwa likukwawa pasimenti. Lisanafike pamwendo wa tebulo, ndinayamba kulira, ngakhale palibe amene anandimenya.

ANyaGondwe analowa ndi buku m'manja. Pachikuto pake panali mzungu wamkazi wovala diresi loyera, ataima pawindo la chinyumba.

"M'mabuku awa muli amuna olemera," anatero. "Amamanga nyumba zazikulu n'kuikamo mkazi monga mmene timaikira maluwa m'botolo. Odutsa pamsewu amasirira. Iwe walira masana amodzi. Ine chino n'chaka chachitatu. Pukuta misozi, uzipita kwa amako."

Patapita zaka ndinakaphunzira ku koleji ku Zomba, ndipo mabuku omwewo ndinawapeza pamndandanda wa maphunziro athu. Ndinalemba masamba ambiri za olemera ndi osauka a ku Amereka, za akazi osungidwa ngati zokongoletsa m'nyumba. Aphunzitsi anandiyamikira.

Esinati ndinamupeza akusoka pakhonde la sitolo ku Bwalo la Njobvu. Sukulu analekezera ku pulayimale. Ankasoka mayunifomu ndi madiresi, phazi likupalasa, pakamwa pakuseka ndi matelala anzake. Titakwatirana ndinapeza ntchito ku City Centre, ndi nyumba ya mpanda. Anzanga a muofesi akandifunsa kuti madamu amagwira kuti, ndinkasintha nkhani. Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Mayi, mwavutika mokwanira. Tsopano muzipuma."

Anandiyang'ana, nati, "Ndamva."

Makinawo tinawaika pakona ya pabalaza, tinawaphimba ndi nsalu yopeta, pamwamba pake botolo la maluwa. Anakhala pamenepo zaka ziwiri. Ndikamaweruka ndinkamupeza ataima pawindo, ndipo ndinkaganiza kuti akudikira ine.

Matenda ake sanatenge nthawi. Za zimenezo sindilemba.

Tsopano masana a Loweruka ndimakhala ndekha pa sofa, wotchi ikugunda, ndipo ndimadziwa chimene aNyaGondwe ankandiphunzitsa. Mayeso a pepala ndinakhoza. Ndinkamvera chisoni akazi a m'mabuku, a kutsidya kwa nyanja, pamene wanga anali pawindo langa lomwe. Chimene ndinkachitcha chikondi chinali manyazi anga, ndipo amene anawasenza ndi iye.

Nsalu ija ikadali pamakina. Sindinapezebe mphamvu yochita zimene Esinati anandituma m'mawa wake womaliza kuchipatala, ndikumupukuta thukuta pamphumi. Anatsegula maso, nayankhula motsitsa, ngati munthu amene wakumbukira kantchito kakang'ono:

"Bambo, mukafika kunyumba mukachotse nsalu ija pamakina, mukathire mafuta. Ndikachira ndikufuna ndizisokako."