Kajuzi ka apongozi ndi makoswe omwe kunalibe

Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndinkalongedza chikwama cha kuchipatala ngati ndikupita kuukwati: zitenje zinayi, matewera, shawelo, ndi timalaya toyera tomwe ndinasankha ndekha pa kaunjika.

Mwezi wachisanu ndi chitatu apongozi anabwera kuchokera ku Lupembe ndi kajuzi koluka okha. Ulusi wake unali wotsalatsala. Kutsogolo kanali kobiriwira, kumbuyo kofiira, mkono wina wautali kuposa unzake. Anakaluka miyezi iwiri, zala zikuwawa ndi nyamakazi.

"Mkamwana, akabadwa ayambe kuvala aka," anatero.

Ndinagwada n'kuthokoza, koma atangotuluka ndinakakankhira pansi pa sutikesi. Ndinkaopa kuti amayi anzanga kuwodi akandiseka.

Mwana atabadwa, apongozi anamufunyulula mu shawelo n'kumuyang'ana bwinobwino. "Nanga kajuzi kaja?"

"Amama, makoswe anakadya," ndinayankha osaphethira. Ndikanangoti kunja kukutentha, Karonga yense akanandichitira umboni. Koma ine ndinanamizira makoswe.

Apongozi anati, "Phepa, mwana wane. Ndinkaluka ndikudya mtedza, mwina fungo linatsalira." Iwo kundipepesa ine wabodza!

Patapita sabata anatsika pa kabaza ndi thumba likugwedezeka. Munali mphaka.

"Mdzukulu wanga asagone ndi makoswe," anatero.

Chaka chomwecho maso anayamba kuwavuta, ndipo sanalukenso kanthu. Mphakayo ndikumudyetsa mpaka lero, koma mtima wowauza zoona sindinaupezebe.