Khadi Lodzaza pa Chinkhoswe

Ine sukulu ndinalekera sitandade 8, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse chogwa m'manja mwanga: nyuzi yokulungira bonya, kapepala ka m'bokosi la mankhwala a nkhuku, ngakhale zolembedwa pa thumba la feteleza. Mayi a kunyumba amati ndikanakhala mbuzi, bwenzi ndikuyamba ndawerenga pepala ndisanalidye.

Ndiye alamu anga, amuna awo a achemwali, atatumiza kamera yaikulu kuchokera ku Joni, chimene ndinayamba kugwira si kamerayo ayi, koma kabuku kake. Alamuwo anali atatha zaka zinayi osabwera kumudzi, ndipo mwana wawo woyamba, wamkazi, anali ndi chinkhoswe kwathu ku Dambe. Akanati abwere, pobwerera ntchito akanaipeza ili ndi mwini wina. Pa foni anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Alamu, zinazo mujambule kaya musajambule, zili ndi inu. Koma pom'vundukula chitenje paja, nkhope yake ndiione."

Ndinali ndi kakamera kanga kale, kakang'ono ngati sopo, kojambulira a kwaya ndi ana obatizidwa. Khadi lake losungira zithunzi linali la magigabaiti awiri, ndipo ndinali ndisanalionepo litadzaza. Ndinkajambula kuyambira Khirisimasi mpaka Isitala osafufuta kanthu. Kamera ya alamu inabwera yopanda khadi, ine n'kungosolola langa lija n'kulowetsamo.

Kabukuko kanali ka Chingerezi, ndipo ndinalimbana nako masabata awiri, dikishonale ili pambali. M'menemo ndinaphunzira kuti kamera imasunga chithunzi m'njira ziwiri. Ina amati JPEG, ina amati RAW. Mmene ndinamvera ine, RAW ili ngati chimanga chongothyola kumunda, makoko ndi zitsononkho zili pomwepo, palibe chotayika. JPEG ndi chimanga chotonola: kamera imataya zimene ikuganiza kuti diso silizifuna, chotsalacho n'kuchipanikiza kuti chichepe. Kabukuko kanati akatswiri amakonda RAW. Mawu akuti akatswiri ndi amene anandigwetsa. Ndinatcherera kamera pa RAW, n'kutseka kabuku ndisanafike kumapeto, kumene kunali tebulo losonyeza kuti khadi lililonse limalowa zithunzi zingati. Ine mlimi, wodziwa bwino kuti chosatonola chimadzaza ngolo msanga.

Tsiku la chinkhoswe ndinayamba kujambula dzuwa lisanatenthe. Ndinajambula mbuzi isanaphedwe, azimayi akusenda mbatata, minibasi ya akuchimuna ikulira pa chitunda, achimwene atavala jekete yobwereka pokhala ndiwo anali nkhoswe. Posinthana tambala ndi thadzi ndinagwada pansi monga ndinaonera pa chithunzi cha m'kabuku. Anthu ankandipatsa njira.

Kwathu kuno mkwatibwi satuluka poyera nthawi imodzi. Azimayi amayamba atulutsa atsikana ena, mmodzimmodzi, atawafunda chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mnyamata wokwatirayo n'kuvundukula n'kukana kuti si ameneyu. Achemwali anali atandiuza kuti abodza adzakhala atatu, wachinayi ndiye mwini wake. Koma ine ndinati azimayi saneneka, akhoza kusintha, ndipo pansi pa chitenje anthu onse amafanana. Woyamba ndinamujambula kasanu ndi kawiri. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu ndinadina batani, kamera osalira. Ndinadinanso. Pa kagalasi ka kumbuyo panalembedwa kuti khadi ladzaza, ndipo nambala ya zithunzi zotsala inali ziro.

Zithunzi zonse sizinakwane n'komwe makumi asanu ndi atatu. Chimodzi cha kamera ya alamu chinkadya malo a zithunzi khumi ndi kuposa za kakamera kanga. Kufufuta kunali kotheka, koma kamerayo imafunsa kawiri pa chithunzi chilichonse ngati watsimikiza, ndiponso ndinali nditaiwala kumene ndinalowera potcherera RAW ija. Nyimbo inali itayamba kale kuseri kwa nyumba.

Ndinathamangira komweko. Mwana wa achemwali anali ataima pakhomo, atafundidwa kale, azimayi awiri atamugwira manja.

"Achemwali, tumizani wabodza wina."

"Atsikana atha. Chavuta n'chiyani?"

"Kamera yakhuta."

Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira tili ana, ndikabwera kudambo mbuzi imodzi itasowa. Sanafunse zambiri. Pafupi panali mayi wina wa golosale ya pamsika, Msilamu, mnzawo wa achemwali wa kalekale, amene anabwera kudzathandiza kuphika mpunga. Mayi wa ana asanu ndi mmodzi, wathupi lake ndithu. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anapukuta manja n'kunena kuti amufunde.

Mayi ameneyo sindidzamuiwala. Anayenda ngati akuponda mazira. Akaponda katatu n'kuima, azimayi omuperekeza n'kulengeza kuti mkwatibwi watopa, ulendo ndi wautali. Anthu ankaona okha kuti chitenjecho chadzaza kuposa mwana wa achemwali, ndiye kuseka kunayamba iye asanafike pakati pa bwalo. Ine ndinali pansi pa mtengo wa pichesi, thukuta kamukamu, ndikufufuta. Mbuzi inapita. Mbatata inapita. Jekete ya achimwene ndinaisiya, poopa mlandu. Nditafufuta zisanu ndi zinayi ndinaipeza njira ija, n'kutembenuzira kamera ku JPEG, ndipo nambala inalumpha kuchoka pa 9 kufika kupitirira makumi atatu.

Mnyamata atavundukula, mayi uja anamuyang'ana n'kuti, "Mwachedwa, bambo, anzanu anafika kale." Akuchimuna anaseka mpaka ena kugwetsa mipando.

Kenako anatuluka mwini wake. Ndinaima pamene dzuwa linali kumsana kwanga, osagwadanso. Chitenje chitachoka, mwanayo anatsinzina pang'ono chifukwa cha kuwala, akudziluma mlomo kuti asaseke. Kamera inalira katatu.

Lolemba ndinakwera njinga kupita pa Boma, kwa bambo wina amene ali ndi kompyuta yosindikizira makalata. Zithunzi zanga za akatswiri zija kompyuta yake inakana kuzitsegula. Anandifotokozera kuti RAW si imodzi, fakitale iliyonse ya makamera ili ndi yakeyake, ina yopanikiza pang'ono, ina yosapanikiza n'komwe, ndipo iliyonse imafuna pulogalamu yoidziwa. Anatinso ngakhale zikanatseguka, kutumiza chimodzi pa netiweki yathu ino ndikanadya nkhomaliro pomwepo. Za JPEG zija zinatseguka nthawi yomweyo. Tinasankha chachiwiri mwa zitatu zija n'kuchiika mu foni yanga. Bamboyo anandichenjeza kuti foni nayo ichipanikizanso potumiza, ine n'kudandaula ndithu, poganiza zonse zimene zitayike m'njira.

Ndinatumiza nditaima pakhonde la shopuyo. Sipanapite nthawi, foni inalira. Alamu sanapereke moni. Ndinkangomva phokoso la magalimoto kumbali yawo, ndipo ndinayamba kupepesa kuti chithunzicho chachepa mphamvu, kamera yawo ikhoza kuchita zoposa pamenepo, vuto ndi ine.

"Alamu, taimani kaye," anatero. "Wakula chonchi mwana uja? Ndinamusiya masaya ali ang'onoang'ono."

Ndinati wakula ndithu, ndipo amadya bwino.

"Musadule. Ndikumuonabe."

Ndinakhala pa benchi ya pakhondepo, foni ili kukhutu, n'kuwadikira.