Makoswe a Mphaka Wopanda Mano

Mphaka uja sindinachite kumufuna. Chaka chimenecho matenanti a pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo lathu anamanga katundu n'kukwera lole kubwerera kwawo. Anasiya mapoto obooka, mbaula zothyoka ndi mphaka. Ine ndinapita kumeneko kukatola mapesi a fodya oti ndiziika m'khola la nkhuku pothamangitsa utitiri, ndipo m'chigafa momwe ankayanikamo fodya ndinamva kanthu kakulira ngati chitseko chadzimbiri.

Amayi ine! Nthiti zake zinali zowerengeka, khutu limodzi lodyeka, ubweya wothothoka pamsana ponse. Atayasamula ndinaona kuti m'kamwa mwatsala dzino limodzi lokha, nalonso lopendekeka. Chisoni chinandigwira, sindinama. Mapesi aja ndinawaiwala, ndinangomukulunga m'chitenje n'kubwera naye kunyumba.

Amuna anga anabwera kwathu kuno ku Dowa kudzakhala chikamwini kuchokera kumapiri a Ntchisi, kalekale tili achinyamata. Masiku awo anali katswiri wa khasu, moti malemu amayi anga ankachita kuwaletsa kuti apumeko. Koma pa nthawi ndikunenayi msana unali utawagwira. Ankangokhala pakhonde kutong'ola chimanga ndi kukalipira nkhuku. Tsiku limenelo ndinawapeza akucheza ndi achimwene anga aakulu.

"Mayi, mwafukata chiyani?" anandifunsa.

"Mphaka."

"Mphaka, kapena chikopa cha mphaka?"

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga ataona kuti alamu awo akondwa, anakweza mawu. Anati pakhomo pano chiweto chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo mwezi ukatha mphakayo asanaonetse kuti amagwira makoswe, alowa m'thumba. Madzulo ake anapachikadi thumba la feteleza pamsomali wa pakhonde.

Kwathu kuno mphaka saphedwa, amati ukamupha tsoka limakutsata. Ndiye anthu akatopa naye amamuika m'thumba n'kukamusiya kutali, kutsidya kwa mtsinje, kuti asadziwe njira yobwerera. Akabwerako amati sanaphe. Ine ndimati n'kupha komweko, kungoti wakuphayo wayang'ana kumbali. Wa dzino limodzi uja kutchire sakanatha sabata.

Ndinayamba ntchito. Ndinamusambitsa ndi madzi ofunda, iye n'kundilipira pondikanda mkono. Ndinkamusinjira usipa mumtondo mpaka kukhala ufa, n'kusakaniza ndi phala ndi timkaka ta mbuzi. Zilonda ndinkazipaka mankhwala omwe anandipatsa alangizi a ziweto. Patatha masabata awiri ubweya unayamba kumera, mimba n'kutuluka, ndipo anayamba kunditsatira mpaka kuchitsime, akupuma kawiri panjira.

Koma zogwira makoswe, kalanga ine! Tsiku lina ndinaona ndi maso angawa khoswe akudya m'mbale yake, mwini wake ali gone pambali, akumuyang'ana ngati mlendo wake.

Pamenepo ndinadziwa kuti makoswe ndigwira ndine. Ndinagula msampha wawaya ku Madisi n'kuubisa kuseri kwa matumba a chimanga. M'mawa uliwonse, amuna anga akalowa kubafa, ndinkachotsa khoswe pamsampha n'kumuika pakhomo, pafupi ndi mphuno ya mphaka. Kenaka ndinkafuula kuti, "Bambo, tabwerani mudzaone! Uja munkati ndi chikopa uja wagwira!" Iwo ankabwera, n'kumutembenuza khosweyo ndi ndodo, n'kungoti, "Ehe." Anthu amaweta mphaka kuti aziwagwirira makoswe, koma ine, mayi wamkulu wa zidzukulu, ndinkadzuka m'mamawa kumugwirira mphaka.

Makoswe nawonso si opusa. Atafa anayi, otsalawo anauzana, ndipo msampha unayamba kugona ndi njala. Ndinayesa mtedza, ndinayesa kachidutswa ka nsomba youma, osatheka. Sabata yathunthu inadutsa pakhomo pali mbee. Achimwene akamadutsa ankaloza thumba lija n'kufunsa kuti, "Alamu, ulendo uja ndi wa liti?" Mwezi unatsala ndi masiku atatu, ine mtima uli m'mwamba.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Inali nyengo yotentha minda, ndipo bambo wina wa m'mudzi mwathu ankadutsa kuseri kwa nyumba akuchokera kokumba mbewa. Ndinamupatsa tomato wa kudimba, iye n'kundipatsa mbewa imodzi yaiwisi, yonenepa bwino. Ine mbewa sindidya chibadwire, ndiye kwa ine zonse n'zofanana, chili ndi mchira ndi ndevu ndi khoswe basi. M'mawa mwake ndinaiika pakhomo n'kufuula monga mwa masiku onse.

Amuna anga sanagwiritse ndodo. Anawerama pang'onopang'ono, atagwira msana, n'kuinyamula ndi mchira.

"Uyu ndi kapuku," anatero. "Kapuku salowa m'nyumba. Nyengo ino amagona pansi penipeni, munthu amakumba dzenje lofika m'mawondo kuti amupeze. Mayi, mphaka wanuyu mwamugulira khasu?"

Manyazi ake! Ndinalakalaka nditalowa m'dzenje la kapukuyo. Iwo anamuwawula kapukuyo pamoto, kumuthira mchere, n'kudyera pakhonde. Ine ndinapsa mtima chifukwa chogwidwa, ndipo mawu oipa anafika pakamwa, akuti wosagwira ntchito pakhomo pano si mphaka yekha. Ndikuthokoza kuti ndinawameza. Tsiku lonse ndinangokhala ndikumusisita mphaka wanga, ndikulira pang'onopang'ono.

Kutacha ndinatsegula chitseko ndipo ndinangoti kakasi. Pakhomo panali khoswe wamkulu, ndipo sindinamuike ndine. Ndinayamba kuvina, ndikumutamanda mphaka kuti waonetsa chamuna. Koma nditayang'anitsitsa, khosweyo anali wophwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa. Mphaka saphwatalalitsa khoswe, ngakhale wa mano onse. Chimatero ndi diwa, msampha uja wa mwala wafulati wotchera ndi kamtengo.

Ndinazungulira kuseri kwa khola la mbuzi. Amuna anga anali atagwada pamenepo, akutchera mwala wachiwiri, mphaka atakhala pambali pawo ngati kapitawo.

"Bambo, mukutani?"

Anadzidzimuka, kamtengo n'kugwa. "Msampha wanu wawaya uja ndi wachibwana," anatero osandiyang'ana. "Ndinadziwa tsiku loyamba. Mphaka wa dzino limodzi angasiye mzere wowongoka pakhosi pa khoswe?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena, mukanasiya kugwira, ndipo chimanga chikanatha."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwonso anaseka, koma kenaka anayamba kumukanda mphaka uja kuseri kwa khutu lodyeka. Anati mawu a thumba aja anawayankhula chifukwa alamu awo analipo, poti munthu wongokhala pakhonde kwa eni ake amafuna aoneke kuti akadalamula.

"Thumba lija ndinapachika ndine," anatero, "koma mwezi wonsewu ndikamaliyang'ana ndimaganiza kuti inenso ndikhoza kukwanamo."

Ndinadzuka pomwe ndinakhalapo. Ndinapita pakhonde, ndinachotsa thumba lija pamsomali, ndinalipinda kanayi n'kuliyala pansi pafupi ndi mpando wawo. Achimwene atabwera masana kudzafunsa za ulendo, amuna anga anawaonetsa khoswe wophwatalala uja n'kunena kuti mphakayu ndi woopsa, akagwira khoswe amamukhalira. Achimwene anayang'ana khosweyo, anatiyang'ana tonse awiri, n'kupempha madzi akumwa.

Mphaka uja anakhala nafe madzinja ena awiri. Sanagwirepo khoswe ngakhale mmodzi. Ankagona pathumba lija, mutu atautsamiritsa pa phazi la amuna anga, ndipo usipa wake anayamba kusinja ndi iwo.