Kasiteshoni ka M'chipinda Chapansi ku Takoma Park

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a zaulimi ku College Park, ku America, ndinalibe mtendere. Mayeso onse ndinali nditakhoza, koma makalata ochokera kumudzi ankanena chinthu chimodzi: musafulumire kubwera. Achemwali anga, amene ankandilembera m'malo mwa banja lonse, sankafotokoza chifukwa, ndipo ine sindinkafunsa. Masiku amenewo tonse tinkadziwa kuti kalata imadutsa m'maso ambiri isanafike kwa mwiniwake. Ndinapeza kantchito koyeza dothi m'labotale, ndipo ndinkachita lendi chipinda cham'mwamba m'nyumba ina yakale ku Takoma Park.

Loweruka ndilo linali tsiku lovuta. Ndikachapa ndi kusita, ndinkasowa chochita ndi thupi langa. Kutsika masitepe, kukweranso, kutsikanso. Nthawi zina ndinkakwera sitima ya Metro kukatsikira ku Silver Spring, kuzungulira m'masitolo osagula kanthu, n'kubwerera wapansi.

Mwini nyumbayo anali mzungu wachikulire amene anapuma pa ntchito ya positi. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo mwana wake wamkazi ankakhala kutali. Ankanditcha Pulofesa, ngakhale ndinamuuza kangapo kuti sindine. Loweruka lina anandiimitsa m'khitchini.

“Pulofesa, undithera masitepe,” anatero. “Ngati miyendo ikukuyabwa, tsika kunsiku udzandigwirire thabwa.”

Ndinali ndisanalowepo m'chipinda chapansi. Atayatsa magetsi ndinaima kakasi. Chipinda chonsecho chinali thebulo limodzi lalikulu lofika m'chiuno, ndipo pamwamba pake panali dziko. Mapiri akuda a malasha, mtsinje, milatho iwiri, tawuni yokhala ndi tchalitchi ndi malo ometera, anthu aang'ono ngati nyemba ataima pa siteshoni. Njanji yopyapyala ngati zala ziwiri inkakhotakhota m'zonsezo n'kukalowa m'phanga. Anati ndi kwawo kumene anabadwira, monga kunalili iye ali mwana. Anali atamanga kwa zaka zambiri ndipo anali asanamalize.

Tsiku limenelo ndinagwira thabwa. Sabata yotsatira ndinatsika ndekha osaitanidwa. Anandionetsa kuti phiri limayamba ndi waya wa khola la nkhuku, womwe umaupinda mmene ukufunira, kenako n'kuyalapo zidutswa za nyuzipepala zoviika m'pulasitala. Udzu unali utuchi wonyika m'penti n'kuumitsa padzuwa. Mitengo tinkapota ndi tiwaya ta mkati mwa nthambo yamagetsi. Timiyala ta pakati pa njanji ankatisesa ndi burashi yofewa, n'kudonthezapo guluu wosungunula ndi madzi, dontho limodzi limodzi. Ine ndinkafulumira, guluu n'kusefukira.

“Ukuthamangira kuti?” ankandifunsa.

Ndinkangopukuta guluuyo. Koma tsiku lina, ndikupaka dzimbiri pa bogi, ndinamuuza kuti inenso ndine mwana wa panjanji. Bambo anga anali kapitawo wa gulu lokonza njanji pa kasiteshoni kena kumwera kwa Balaka, ndipo ndinakulira m'nyumba ya njerwa imene inkanjenjemera sitima ikamadutsa. Mkuluyo anavula magalasi, nandiyang'ana, kenako analoza pa ngodya ina pomwe njanji inkatuluka m'phanga n'kuyenda pa thabwa lopanda kanthu.

“Pamenepo ndinkafuna kuikapo fakitale,” anatero. “Manga kwanu. Koma lamulo langa ndi limodzi. Timamanga zimene zilipo, osati zimene tikuganiza kuti tinaona. Peza chithunzi.”

Chithunzi ndinalibe. Ndinalembera achemwali kuti apemphe munthu wa kamera akajambule siteshoniyo, thanki yamadzi ndi nyumba yathu yakale. Yankho linabwera patapita milungu yambiri. Linanena za mvula, za ana, za chifuwa cha mayi. Kumunsi kwenikweni, ndi zilembo zing'onozing'ono, analemba kuti: “Achimwene, zojambula siteshonizo musadzalembenso. Mukufuna tikaonekere kuti?”

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinali nditaiwala, m'zaka zochepa chabe, kuti kwathu munthu woloza kamera pa njanji kapena pa mlatho ankayankha mafunso ovuta. Ndinam'masulira mkuluyo kalatayo. Iye anati, “Chabwino. Manga za m'mutu. Lamulo talithyola.”

Vuto loyamba linali dothi. Penti aliyense amene tinasakaniza sanafane ndi katondo wa kwathu. Wina ankaoneka ngati njerwa, wina ngati chiwindi. Tsiku lina ndikudikira basi ku College Park ndinaona pamene ankakumba ngalande ya mapaipi, ndipo dothi limene anafukulalo linali lofiira ndithu. Ndinatapa ndi manja m'kathumba ka pepala kamene munali nkhomaliro yanga, anthu a pa sitejipo akundiyang'ana. Kunyumba tinaliyanika m'uvuni kuti tizilombo tife. Fungo limene linadzaza m'khitchinimo linali la mvula yoyamba ikagwa pa bwalo louma. Ndinatuluka panja osavala jekete, ndinayenda mpaka kumalire a mzinda n'kubwerera.

Nditalisefa n'kulimata, linauma lotuwa. Ndinalipala ndi tchizulo. Kachiwiri linada kwambiri, ndinalipalanso. Mkuluyo ankangopitiriza kukonza mlatho wake, koma ulendo wachitatu anandilanda tchizuloyo.

“Lisiye ligone sabata,” anatero. “Iwe vuto lako si dothi.”

Ndinalisiya, ndipo ndinayamba mlambe. Thunthu lake ndinaumba ndi pulasitala pa chitsekerero cha botolo. Denga la siteshoni ndinapanga ndi pepala lonyezimira lokutira chakudya, ndikulidinda pa chipeso kuti lioneke ngati malata. Chulu ndinachiika kuseri kwa nyumba yathu, pomwe tinkakwera kuti tione utsi wa sitima isanatulukire.

Pa nthawiyo ndinali ndi mnzanga mmodzi wa ku Zambia amene tinadziwana ku tchalitchi. Anali wamkulu kwa ine, wabanja, wokonda kuseka, ndipo ankagwira ntchito ku bungwe lina mumzinda. Atadabwa kuti sindikuonekanso kwawo Loweruka, anabwera kudzandiona. Anatsika masitepe, naima manja ali m'chiuno.

“Manje ni vichani ivi, achimwene? Munthu mukulu, wa madigiri, kusowera na tusitima?”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anagwada kuti maso ake alingane ndi thebulo, ndipo kuseka kunatha. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Mtengo mwaupeza,” anatero. “Koma siteshoni ili zii ngati pamaliro. Azimayi ogulitsa ali kuti? Nthochi, nzimbe, chinangwa? Sitima ikaima apa anthu azadya chani?”

Ankanena zoona. Koma tianthu togulitsidwa m'sitolo ya zidole tonse tinali azungu ovala zikhoti ndi zipewa, atanyamula masutikesi. Ndinagula kapaketi, ndinasenga zipewazo ndi lezala, ndinawapaka penti. Mkazi wa mnzangayo ananditumizira kansanza ka chitenje, koma duwa limodzi la pansaluyo linali lalikulu kuposa kachidole konse. Pomaliza ndinadula timapepala topyapyala, ndikudontheza mitundu ndi nsonga ya singano, n'kukulunga m'chiuno mwa aliyense. Nthochi zinali njere za mpunga zopaka chikasu. Mnzangayo anayamba kubwera Loweruka lililonse, akuti kudzandiseka, koma ndiye anapanga mbuzi zitatu ndi njinga yotsamira pa khonde.

Chimene chinandisautsa kwambiri chinali thanki yamadzi. Ndinaimanga bwinobwino, ndi miyendo yake inayi ndi chipaipi cholendewera. Koma pofuna kuiika ndinapeza kuti sindikukumbuka mbali yake. Ukayang'ana ku Balaka, inali kumanja kapena kumanzere? Ndinaiona tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndikaiika kumanja, mtima unkati ayi. Ndikaisamutsa, unkatinso ayi. Ndinkaganiza za thankiyo m'basi, ku labotale, ngakhale pakati pa ulaliki. Wondiuza analipo kumudzi, koma sindikanathanso kulemba kalata yofunsa za siteshoni.

“Mata, Pulofesa,” mkuluyo ankatero. “Palibe adzakutsutse.”

Sindinamate. Iye anazolowera. Akamayendetsa sitima yake yamalasha, inkatuluka m'phanga la kwawo n'kufika pa dothi lofiira, ndipo ankafunsa osatembenuka, “Lero madzi tikumwera mbali iti?” Ankaiimitsa pamenepo kamphindi, kenako n'kuipititsa.

M'nyengo yozizira yotsatira anaterereka pa ayezi wa pakhomo akukatenga nyuzipepala, nathyoka m'chiuno. Ndine ndinamupeza ndi kuitana ambulansi. Mwana wake anabwera, mayi waulemu koma wotopa, ndipo anandiuza mosabisa kuti bambo ake sadzathanso kukwera masitepe. Awatenga akakhale nawo, nyumba igulitsidwa. Ndinapatsidwa mwezi umodzi.

Anzake ena a mkuluyo, okonda sitima ngati iye, anabwera kudzagawana injini, mabogi ndi milatho. Mapiri sakanatheka kutuluka pakhomo, choncho anawaphwanya ndi nyundo. Ndinapita kuchipatala kukamuuza mkuluyo, ndikuopa kuti alira. Anangofunsa kuti mlatho waukulu watengedwa ndi yani, ndipo nditamuuza anagwedeza mutu kuvomereza.

“Ngodya yako udule wekha,” anatero. “Sowo ili kuseri kwa chitseko. Udule njanji kaye, thabwa pambuyo.”

Ndinachita monga ananenera. Mnzanga uja anabwera ndi galimoto yake, koma thabwalo linakana kulowa, ndiye tinaliika m'buti chitseko chili chotsegula. Ndinakhala kumbuyo nditatembenuka ulendo wonse wopita ku Silver Spring, ndikuona mphepo ikuulutsa udzu wanga mumsewu.

“Chepetsani liwiro, akulu!” ndinakuwa.

“Nikuyenda monga fulu kale!” anayankha. “Mufuna tiyende chobwerera?”

Tinafika nthambi ziwiri za mlambe zitathyoka, mbuzi imodzi itasowa. M'kafulati kanga katsopano munalibe malo, choncho ndinaika thabwalo pamwamba pa firiji. Kumeneko sindinakhalitse. Phokoso la mumsewu linanditopetsa, ndinasamukira kwina, ndipo kumenekonso sindinathe chaka. Posamuka kachitatu, mnzangayo anati ndisiye siteshoniyo kwawo mpaka nditakhazikika, ndipo anaikhomera shelefu m'chipinda chochezera. Alendo a ku Malawi ndi a ku Zambia akabwera ankaizungulira, aliyense akulumbira kuti akuidziwa, wina akuti ndi kufupi ndi Luchenza, wina akuti ndi njira ya ku Kabwe.

Mkuluyo ndinamulembera kawiri, anandiyankha kamodzi, ndi zilembo zonjenjemera. Uthenga wa imfa yake unabwera pa kakhadi kochokera kwa mwana wake. Pa envulopu panali maadiresi anga atatu, awiri atakhwatchidwa ndi anthu a positi, ndipo pamene kankandipeza n'kuti maliro atachitika miyezi iwiri yapitayo.